ZALA ZISAMASOCHERE: Phunziro la mabatani achidule mu StarCraft II

Anzanga nonse a Fomu 1 mpaka Fomu 4, komanso aphunzitsi athu amene mumaima pakhoma pano mwakachetechete nthawi ya buleki, sabata ino ndabwera ndi phunziro lomwe simulipeza m'silabasi. Nkhani yake ndi ya mabatani achidule, amene osewera magemu a pakompyuta amawatchula kuti ma hotkey. Ndifotokoza mmene munthu amasankhira batani loti lizigwira ntchito yakutiyakuti pa kiyibodi, ndipo chitsanzo changa ndi gemu ya nkhondo yotchedwa StarCraft II, imene anthu amapikisana nayo padziko lonse mpaka kulandira ndalama.

Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kung'ung'udza kuti, "Ase, ife kompyuta timangoionera pawindo, ndiye za magemu zitithandiza chani?" Dekhani kaye. Tsiku lomwe mudzakhale pa kompyuta, kaya m'kalasi, kaya pa kafe ya intaneti, kaya kuntchito, nthawi yanu idzakhala yowerengeka. Amene zala zake zikudziwa njira amamaliza mnzake akadasakasaka chilembo ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. Ndiye werengani mpaka pansi, kumapeto kuli gawo lanu.

GEMU YAKE NDI YOTANI?

Pa bawo timasinthana: mnzako akamasewera iwe umadikira, umaganiza, mwinanso kukanda mutu. Mu StarCraft mulibe kudikirana. Nonse awiri mumasewera nthawi imodzi, ndipo wotchi siima. Ukamaganiza, mdani wako akumanga. Ukamayang'ana kunkhondo, kumudzi kwako ntchito ikuima. Magemu amtunduwu amatchedwa real-time strategy, mwachidule RTS.

StarCraft yoyamba inatuluka mu 1998 kuchokera ku kampani ya Blizzard Entertainment ya ku America, ndipo chaka chomwecho anawonjezerapo gawo lotchedwa Brood War. Ku South Korea gemuyi inagwira moto. Achinyamata ankadzaza m'nyumba zosewerera zotchedwa PC bang, mipikisano inkaonetsedwa pa TV, ndipo osewera ngati Lim Yo-hwan, amene ankadziwika kuti BoxeR, anatchuka ngati akatswiri a mpira. StarCraft II inatuluka mu 2010, ndipo kuyambira mu 2017 munthu akhoza kupikisana ndi ena osagula gemuyo, bola akhale ndi intaneti. Kwa zaka zambiri aku Korea ankangowina okhaokha, mpaka mu 2018 pamene mnyamata wa ku Finland, Joona Sotala, wodziwika kuti Serral, anatenga chikho cha dziko lonse ku BlizzCon. Iye anali woyamba wosachokera ku Korea kutenga chikho chimenecho.

Muli mitundu itatu: Terran, amene ndi anthu ngati ife, Zerg, zilombo zooneka ngati tizilombo tatikulutikulu, ndi Protoss, zolengedwa za luso lapamwamba. Mtundu uliwonse uli ndi antchito ake okumba miyala ya buluu yotchedwa minerals komanso gasi. Ndi chumacho umamanga nyumba, nyumbazo zimatulutsa asilikali, ndipo wopambana ndi amene wagwetsa nyumba zonse za mnzake kapena kumufooketsa mpaka avomere yekha kuti zakanika. Ine ndimasewera Terran, pa laputopu ya achimwene anga akabwera kunyumba pa holide, choncho zitsanzo zambiri zikhala za Terran.

MASAMU A MASEKONDI ATATU

Lamulo lililonse mu gemuyi lili ndi kachithunzi kake pakona ya pansi kudzanja lamanja la sikirini. Ukhoza kupita ndi mausi n'kukadina pamenepo, zimatheka ndithu. Koma taonani zimene zimachitika: maso achoka pankhondo, apita pakona, mausi yatsatira, wadina, kenako maso ndi mausi zibwererenso. Ulendo wonsewu batani limodzi la pa kiyibodi limaumaliza maso asanaphethire.

Tiyeni tiwerengere ngati tili m'kalasi ya masamu. Wantchito wa Terran amatchedwa SCV. Amagulidwa ndi ma minerals 50 ndipo amatenga masekondi 12 kuti atuluke mu Command Center, nyumba yaikulu ya pamudzi. Ngati sukuphonya, pa mphindi imodzi upeza antchito 5, chifukwa 60 kugawa ndi 12 ndi 5. Tsopano tiyerekeze kuti nthawi iliyonse umachedwa ndi masekondi atatu okha kuitanitsa wotsatira. Aliyense akutenga masekondi 15, ndiye pa mphindi upeza 4. Pakatha mphindi 5, mnzako ali ndi antchito atsopano 25, iwe 20. Ngati aliyense wa inu ali ndi ma Command Center atatu, mpatawo ukufika pa 15. Antchito 15 amenewo akukumba chuma chimene chisanduke asilikali, ndipo asilikaliwo ndi amene akugogode pakhomo pako. Udzadabwa kuti wagonja bwanji pomwe nzeru zako zinali zabwinobwino. Masekondi atatu basi.

Osewera amayeza liwiro la manja ndi nambala yotchedwa APM, kutanthauza malamulo amene munthu wapereka pa mphindi imodzi. Akatswiri ambiri amapitirira 300, omwe ndi malamulo 5 pa sekondi iliyonse. Palibe angafike pamenepo ndi mausi yokha. Koma musatengeke ndi nambalayi, kuthamanga sikufika. Munthu akhoza kumangodinadina zopanda pake APM n'kukwera. Chimene tikufuna ndi chakuti lamulo loyenera lituluke mosavuta, mutu ukhale ndi mpata woganiza za nkhondo.

MABATANI ANACHOKERA KUTI?

Mu StarCraft ya 1998 mabatani ankatsatira kwambiri chilembo choyamba cha dzina la chinthucho m'Chingerezi, ndipo gemuyo inalibe poti usinthire. Marine, msilikali wamfuti wa Terran, anali pa M. Overlord wa Zerg anali pa O. Probe, wantchito wa Protoss, anali pa P, ndipo kuti umange Pylon unkadina B kenako P. Njira imeneyi ndi yosavuta kuloweza, koma tayang'anani pa kiyibodi pamene pali M, O ndi P: kutali kumanja. Dzanja lamanja limakhala lili pa mausi, ndiye lamanzere ndi limene linkayenda ulendo wonsewo n'kubwereranso, kambirimbiri pa gemu imodzi.

Popanga StarCraft II anakokera mabatani ambiri kumanzere. Marine anabwera pa A, Overlord pa V, Probe pa E, ndipo Pylon ndi B kenako E. Mu 2011 anawonjezera mwayi woti aliyense azisintha yekha batani lililonse mmene akufunira. Apa ndi pamene phunziro lathu layambira, chifukwa ufulu wosintha umabwera ndi funso lakuti: usinthe chiyani, upititse kuti?

Dziwaninso kuti kiyibodi imene timagwiritsa ntchito, yoyamba ndi Q W E R T Y, sinapangidwire magemu. Inachokera ku makina otayipira amene Christopher Latham Sholes anakonza ku America, ndipo kampani ya Remington inayamba kuwagulitsa m'zaka za m'ma 1870. Inapangidwira manja awiri olemba makalata. Ife tikuigwiritsa ntchito ndi dzanja limodzi pankhondo, ndiye n'zosadabwitsa kuti pamafunika kukonzakonza.

NJIRA ZITATU ZODZIWIKA

Yoyamba ndi Standard, imene gemu imabwera nayo. A ndi kuukira, S ndi kuima, H ndi kugwira malo osasuntha, P ndi kulondera uku ndi uku, M ndi kuyenda. Ukasankha Command Center, S imatulutsa SCV. Ukasankha Barracks, A imatulutsa Marine, D imatulutsa Marauder. Ukasankha SCV, B kenako S imamanga Supply Depot, imene ili ngati nkhokwe: imadya ma minerals 100 n'kukuwonjezerera malo 8 a anthu, ndipo malire a onse ndi 200. Ukaiwala nkhokwe, nyumba zako zonse zimaima kutulutsa anthu ngakhale chuma chili mbwee. Ubwino wa Standard ndi woti anthu ambiri amaidziwa, ndiye ukhoza kukhala pa kompyuta ya wina aliyense n'kuyamba kusewera. Kuipa kwake, mabatani ena akadali kutali.

Yachiwiri ndi Grid. Tizithunzi ta pakona tija tili m'mizere itatu, mzere uliwonse mabokosi 5, onse pamodzi 15. Grid imangotenga mabokosiwo n'kuwagoneka pa kiyibodi: mzere wapamwamba ndi Q W E R T, wapakati A S D F G, wapansi Z X C V B. Chimene chili m'bokosi loyamba chili pa Q, kaya ukusewera mtundu uti. Palibe zoloweza mayina, umangoona malo. Kwa woyamba kumene iyi ndi yabwino kwambiri, ndipo dzanja silichoka kumanzere. Koma ili ndi minga yake. Kuukira, lamulo limene umapereka kuposa ena onse pankhondo, kumagwera pa T, pamene chala chiyenera kutambasuka. Stimpack, mankhwala othamangitsa ma Marine, imagwera pa Z, pansi pa zala zofooka.

Yachitatu ndi kudzipangira wekha. Osewera ena anafika pokonza dongosolo lathunthu lotchedwa TheCore, limene limasamutsa dzanja lamanzere kupita mbali ya kumanja kwa kiyibodi kuti chala chachikulu chizidina Ctrl, Shift ndi Alt m'malo mwa kachala kakang'ono. Ndi nzeru yakuya, koma imafuna masabata ambiri oyeserera, ndipo kwa ife amene kompyuta timaibwereka, mtengo wake ndi wokwera. Malangizo anga ndi awa: yambani ndi Standard kapena Grid, kenako sinthani mabatani ochepa okha amene akukuvutani.

MALAMULO ASANU NDI LIMODZI OSINTHIRA

1. Dzanja likhale ndi pakhomo pake. Ikani kachala kakang'ono pa A, cha mphete pa S, chapakati pa D, chamkombaphala pa F, chachikulu pa Space. Pa F pali kachotupa kakang'ono koti muzikamva osayang'ana. Mabatani onse amene mungafike chikhatho chisanasunthe ndiwo munda wanu wachonde: kuyambira 1 mpaka 5, Q mpaka T, A mpaka G, Z mpaka B, kuphatikizapo Tab ndi Caps Lock. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

2. Chochitika pafupipafupi chikhale pafupi. Musasinthe mongoganizira. Sewerani magemu atatu, mnzanu akhale pambali ndi pepala, azilemba kamzere nthawi iliyonse dzanja lanu likanyamuka kupita kutali, ndi batani limene mwapitira. Batani lokhala ndi timizere tambiri ndilo loyamba kusamutsa.

3. Zala zamphamvu zisenze katundu wolemera. Chamkombaphala ndi chapakati ndi zachangu ndipo sizitopa msanga. Kachala kakang'ono kali kale ndi ntchito ya Shift ndi Ctrl, musakawonjezere mtolo wina.

4. Mabatani awiri otsatizana asagwere chala chimodzi. Yesani kudina R kenako V ndi chamkombaphala chokha, kenako yesani D ndi F ndi zala ziwiri. Mumva nokha kusiyana kwake. Chala chimodzi chiyenera kunyamuka, kuyenda, kutera; zala ziwiri zimangogubuduka ngati pang'oma.

5. Choopsa chikhale patali. Si batani lililonse lakutali limene ndi vuto. Command Center ukhoza kuisandutsa Orbital Command podina B, kapena Planetary Fortress podina P, ndipo ikamalizika kusanduka palibe kubwerera. P ameneyo musiyeni komweko, kuti chala chisamuponde mwangozi. Chimodzimodzi L, wonyamula nyumba za Terran kuti ziuluke: sizichitika kawirikawiri, ndiye sakufunika malo abwino.

6. Zofanana zikhale pa batani limodzi. Ngati asilikali awiri osiyana ali ndi mphamvu zogwira ntchito yofanana, zipatseni batani lomwelo. Pankhondo mutu sukhala ndi nthawi yokumbukira mndandanda wautali. Zololedwa n'zakuti batani limodzi ligwire ntchito zosiyana pa zinthu zosiyana, monga S amene ndi SCV pa Command Center koma Siege Tank pa Factory. Choletsedwa n'chakuti malamulo awiri a chinthu chimodzi akhale pa batani limodzi. Mukatero lamulo lina limatsala lopanda batani, ndipo gemu imakuchenjezani. Chenjezolo musalinyalanyaze.

MAGULU NDI KAMERA

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mabatani a zilembo amangogwira ntchito pa chinthu chimene wasankha kale. Funso ndi lakuti, uchisankha bwanji mwachangu chili kutali ndi pamene ukuyang'ana?

Yankho ndi magulu a manambala. Sankhani asilikali, dinani Ctrl ndi 1 pamodzi, basi amenewo ndi gulu 1. Kuyambira pamenepo mukadina 1 mwawagwira onse, kulikonse kumene ali. Mukadina 1 kawiri mofulumira, kamera imalumphira pamene ali. Shift ndi nambala imawonjezera atsopano m'gulu lakale osachotsa ena. Alt ndi nambala imapanga gulu latsopano n'kuwachotsa anthuwo m'magulu awo akale, zimene zimathandiza ukafuna kupatula kagulu kokazembera kumbuyo kwa mdani. Nyumba nazonso zimalowa m'magulu, ndipo ichi ndicho chinsinsi chachikulu.

Dongosolo langa lili motere. Gulu 1 ndi asilikali ambiri. Gulu 2 ndi ma Siege Tank, chifukwa amafuna malamulo awoawo: E kuti akhazikike n'kuyamba kuwombera patali, D kuti anyamuke. Gulu 3 ndi ma Medivac onyamula kagulu kozembera. Gulu 4 ndi ma Command Center onse. Gulu 5 ndi Barracks, Factory ndi Starport pamodzi, ndipo Tab ndi amene amandisinthira kuchoka pa mtundu wina wa nyumba kupita pa wina. Kulondera ndinakuchotsa pa P n'kukuika pa Q.

Tsopano onani kukoma kwake. Maso ali kunkhondo, kamera sinasunthe, koma dzanja lamanzere likuimba kanyimbo aka: 4, S, 5, A, A, A, D, 1. Tamasulirani: sankha ma Command Center, tulutsa SCV, sankha ma Barracks, tulutsa ma Marine atatu ndi Marauder mmodzi, bwerera kwa asilikali. Mabatani 8, masekondi awiri osakwana ukazolowera, ndipo kumudzi ntchito ikuyenda iwe osapitako.

Kamera nayo ili ndi zidule zake. Ctrl ndi F5 imasunga malo amene mukuyang'ana, ndipo F5 payekha amakubwezerani pamalopo. Chimodzimodzi F6, F7 ndi F8. Space amakupititsani pamene pachitika chenjezo lomaliza, Backspace amakuzunguliritsani m'midzi yanu. Vuto ndi loti F5 mpaka F8 ali kutali, pomwe F1 ndi F2, amene ali pafupi, anapatsidwa ntchito zina: F1 amasankha wantchito amene akungokhala, F2 amasankha asilikali onse. Osewera ambiri amasamutsira kamera pa F1 mpaka F4, ndipo inenso ndinatero. F2 wakale uja ndi wokoma koma ndi wachinyengo, chifukwa amakoka ngakhale alonda amene unawasiya dala kuti ateteze mudzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mpatseni batani lakutali ndithu.

Misampha itatu muisamale. Woyamba, musasankhe Alt kukhala wosungira kamera pa F1 mpaka F4, chifukwa Alt ndi F4 amatseka pulogalamu pa Windows, gemu ili pakati. Wachiwiri, mukasankha Shift, kumbukirani kuti Shift yemweyo ndi amene mumagwira popereka malamulo otsatizana, ndiye mukadina F muli chigwirire Shift mufufuta malo amene munasunga. Wachitatu, pa malaputopu ambiri mabatani a F amakweza mawu kapena kuwala pokhapokha mutagwira Fn, choncho fufuzani kaye mmene laputopu yanuyo imakhomera Fn.

KUSINTHA NDI KUYESERERA

Mu gemu dinani F10 kuti menyu ituluke, pitani pa Hotkeys, ndipo pangani profile yatsopano yokhala ndi dzina lanu. Izi n'zofunika makamaka pa kompyuta yobwereka: mwini wake akapeza mabatani ake asokonezeka, tsiku lina sadzakubwerekaninso. Zimene mwasintha zimasungidwa mu kafayilo kothera ndi .SC2Hotkeys mkati mwa foda ya StarCraft II mu Documents. Kakopereni pa fulashi, ndi kakang'ono zedi.

Musasinthe mabatani oposa atatu kapena anayi nthawi imodzi. Masiku oyamba mudzasewera moipa kuposa kale, chifukwa chala chimathamangira kunyumba yake yakale. Ambiri amabwerera m'mbuyo pamenepa, n'kumati njira yatsopanoyo ndi yoipa, pomwe vuto ndi kusazolowera chabe. Pirirani sabata imodzi mukusewera ndi kompyuta yokha musanakumane ndi anthu. Ndipo mpikisano ukayandikira, musakhudze kalikonse.

Nanga wopanda kompyuta atani? Apa ndi pamene katoni imalowa m'bwalo. Pa kiyibodi wamba, kuchokera pakati pa batani lina kufika pakati pa linzake ndi mamilimita 19. Tengani katoni, rula ya mu mathematical set ndi bolopeni, jambulani mabokosi a mamilimita 19 mbali zonse, mizere isanu: wa F, wa manambala, wa Q, wa A ndi wa Z. Mizere ya zilembo isayime molunjika ngati asilikali pa perete. Uliwonse ulowe kumanja pang'ono kuposa wapamwamba pake, monga zilili pa kiyibodi yeniyeni. Pa F matani kambewu ka mapira kapena kamchenga kuti chala chizimva pakhomo pake. Ndiye mnzanu aziitana: "SCV! Ma Marine atatu! Nkhokwe! Bwerera kunkhondo!" inu muzidina maso ali kutsogolo. Mphindi 10 patsiku n'zokwanira. Ine ndi mmene ndimasungira zala zanga teremu yonse laputopu ili kutali, ndipo ikabwera sindiyambanso pa ziro. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Za thupi musaiwale. Mkono ugone molunjika, chikhatho chisapindikire m'mwamba kapena m'mbali, ndipo muzipumira. Osewera otchuka angapo avutikapo ndi ululu wa m'manja ndi m'mapewa mpaka kufuna chipatala. Ngati batani lina likukupangitsani kupotoza dzanja, chimenecho pachokha ndi chifukwa chokwanira cholisamutsira. Dzanja lomwelo ndi limene lidzakuthandizeni kugwira pepala pa mayeso.

Gemuyi ndi yaikulu, imafuna malo okwana 30 GB, ndiye bandulo ya wophunzira singaikwanitse. Amene mungapeze kompyuta koma intaneti n'kuvuta, pali RTS ina yaulere yotchedwa 0 A.D. imene imaseweredwa ngakhale popanda intaneti. Palinso Age of Empires II, ya mu 1999, imene mu 2015 anaiwonjezera maufumu a ku Africa monga Ethiopia ndi Mali. Ndati Mali, anzanga, osati Malawi, musakafalitse bodza. Mabatani ake ndi osiyana, koma malamulo asanu ndi limodzi aja ndi omwewo.

GAWO LA ENAFE TONSE

Ndinalonjeza kuti kumapeto kuli gawo lanu. Nzeru yomweyi imagwira ntchito pa Microsoft Word ndi pa Windows. Ctrl ndi C kukopera, Ctrl ndi X kudula, Ctrl ndi V kumata, Ctrl ndi Z kubweza chimene walakwitsa. Taonani pamene pali Z, X, C ndi V: onse pansi kumanzere, moyandikana, pamene dzanja lamanzere lifika lamanja lili pa mausi. Ndi lamulo loyamba ndi lachiwiri lija. Alt ndi Tab amakusinthirani mawindo ngati kamera ya mu gemu. Ndipo mfumu ya onse ndi Ctrl ndi S, kusunga. Magetsi sapempha chilolezo akamazima. Zolowetsani chala kudina Ctrl ndi S pakutha pa ndime iliyonse, simudzalira ndi ntchito ya maola awiri itapita.

Mu Word mukhozanso kudzipangira batani lanu. Mabuku ena amalemba dzina la dziko lathu ndi w wovala chipewa, Malaŵi, koma chilembo chimenechi pa kiyibodi palibe. Lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X, chituluka. Kapena pitani pa Insert, Symbol, chipezeni, dinani Shortcut Key n'kuchipatsa mabatani anuanu. Mukatero mwachita chimodzimodzi chimene wosewera StarCraft amachita posamutsa P kupita pa Q.

Mawu amodzi kwa a Fomu 2 ndi a Fomu 4: JCE ndi MSCE zilibe hotkey. Gemu ndi ya pa holide ndi Loweruka mukamaliza ntchito zapakhomo. Katoni ija ndi ya mphindi 10, osati ya nthawi ya sitade.

NTCHITO YA SABATA INO

1. Jambulani kiyibodi ya pakatoni monga ndafotokozera, ndipo lembani mzere wozungulira mabatani onse amene dzanja lanu lamanzere likufika chikhatho chisanasunthe. Ndi angati? Yerekezani ndi a mnzanu, muona kuti manja amasiyana, n'chifukwa chake dongosolo la katswiri silingakukwaneni lonse.

2. Marine amatenga masekondi 18 kuti atuluke mu Barracks. Wosewera wina sachedwa, wina amachedwa masekondi 6 pa Marine aliyense. Aliyense ali ndi ma Barracks 4. Pakatha mphindi 6, asiyana ndi ma Marine angati?

3. Dinani 4, S, 5, A, A, A, D, 1 maulendo 10 osayang'ana, mnzanu akuwerenga nthawi. Lembani nthawi ya Lolemba ndi ya Lachisanu.

Mayankho a funso 2 aponyeni m'bokosi la magazini pofika Lachinayi, ndipo mayina a olondola tidzawakhoma pompano sabata yamawa. Amene sanamvetse penapake andipeze pa buleki pansi pa mtengo wa mango, abwere ndi katoni yake. Safunsa anadya phula.

Ndine mnzanu wa Fomu 3,
wa gulu lolemba magazini ya pakhoma